Zikomo madala a mawailesi, ndi nonse amene munabwera Loweruka

Abale anga, Loweruka lapitali tinaonetsanso filimu kuno ku Ulongwe. Ndikulemba izi tulo tisanandikwane, msana ukuwawa ndi mabenchi aja, mawu anasasa chifukwa chomasulira mofuula pamphepo, ndiye ndikasokoneza mundimvetse.

Za akuba zija mukuzidziwa, sindibwereza zambiri. Laputopu, projekita, disiki yaikulu ija munali mafilimu onse ndinatolera kuyambira kalekale, zonse zinatulukira pawindo usiku umodzi. Anangondisiyira makope anga olembamo maganizo, chifukwa kope lodzaza ndi zolemba za munthu palibe angaligule pamsika. Ine ndinangoti basi zatha, ndinasiya kulemba pano, foni ndinkangoiyang'ana ikulira. Ena munaganiza kuti ndadwala. Mwina ndinadwaladi.

Ndiye ndiyambe ndi madala. Dzina sinditchula chifukwa andiletsa, koma aliyense amene anapititsapo wailesi kapena tochi yakufa pakhonde paja pafupi ndi pamene amagulitsa kachewere akuwadziwa. M'mawa mwake mwa tsiku la akuba anafika kunyumba dzuwa lisanatuluke, ali m'chijasi chawo chija, sanandipepese n'komwe, anangoti vala nsapato tiyeni. Tinazungulira msika wonse, aliyense wokonza mafoni amamufunsa mwaulemu koma akumuyang'ana m'maso. Tsiku lina tinakwera shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Calomue pa malire, tinaolokera ku Dedza, tinayang'ana malaputopu a eni ake ambirimbiri, ine ndikumatembenuza iliyonse kufuna kuona kachipsera kanali pakona ya yanga. Ndalama ya shapa analipira okha, nditatulutsa yanga anandikalipira pamaso pa anthu ngati mwana. Sitinapeze kanthu.

Pobwerera ndi pamene anandiuza zimene zinandiseketsa koyamba chichitikireni zija. Akuti nthawi zonse ndikawasiyira disiki kuti andikonzere chingwe chake chomwe chinkavuta chija, iwo amakopera mafilimu n'kusunga pa kompyuta yawo yakale ili pansi pa tebulo, yokutidwa ndi chitenje. Zaka zonsezi osandiuza! Ndinati madala ndiye wakuba woyamba ndinu, iwo amvekere "ine ndimasunga, sindiba." Si onse ayi, mwina theka, ndipo amasankha mwa iwo okha, a Chaplin onse alipo, a nkhondo alipo, koma Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ya 1973 ija anaisiya dala, akuti ndi filimu ya anthu osokonekera mitu, njinga yamoto yokhala ndi nyanga za ng'ombe ndiye chiyani. Tidzakanganabe za imeneyo, ine ndimaikonda ndipo sindisintha.

Kenako anakhala pansi ndi laputopu yakufa imene munthu wina anaisiya kwa iwo osabweranso, anaisula yonse, kiyibodi yake ndi ya ina, batire ilibe, imayaka pokhapokha ili pamagetsi ndipo ukaigwedeza pang'ono imazima. Ndikulembera pa imeneyo panopa. Sanalandire ngakhale metikali imodzi. Ndinawapititsira nkhuku anaibweza, mayi akunyumba atapita nayo okha ndi pamene analandira, akuti kwa mlamu sakana.

Mwina achinyamata simudziwa chifukwa chake munthu wamkulu chonchi amavutikira za mafilimu. Madala anaona kanema koyamba dziko litangolandira ufulu, nthawi ya Samora, pamene Instituto Nacional de Cinema, bungwe la boma la mafilimu, inkatumiza magalimoto m'maboma kukaonetsa Kuxa Kanema, nkhani za mphindi 10 zakuda ndi zoyera, pansalu panja anthu atakhala pansi. Amati iwo sankayang'ana kwambiri pansalu, ankayang'ana makina ndi kuwala kotuluka mmenemo, ndipo za mawaya anazikondera pomwepo. Nkhondo itafika kuno anathawira ku Malawi ngati makolo athu ambiri, nthawi imene anthu a kwathu okwana pafupifupi 1 miliyoni anali m'misasa kumeneko, anabwerera pambuyo pa mtendere wa ku Roma wa 1992. Pobwera anapeza za kanema wa m'magalimoto zinatha kalekale, nyumba ya Instituto ku Maputo inapsa ndi moto mu 1991. Ndiye akamati mafilimu amafunika kusunga pawiri amadziwa chimene akunena.

Filimu ya Loweruka anasankha ndi iwo. Ine ndimafuna tiyambe ndi zoseketsa, anthu apume, iwo anakana, akuti ika ya njinga ija. Ladri di biciclette, ya Vittorio De Sica, 1948. Ndinati madala mukufuna kundiliza pagulu eti, anati eya.

Amene simunaionepo, nkhani yake ndi yaing'ono kwambiri. Ku Roma nkhondo itangotha, ntchito kulibe, bambo wina wapeza ntchito yomata mapepala a zotsatsa m'makoma koma ntchitoyo imafuna njinga, ndipo njinga yake anaipereka chikole. Mkazi wake akuvula nsalu zapabedi, kuzichapa, kukazipereka chikole kuti njinga ituluke. Tsiku loyamba la ntchito njinga yabedwa. Zotsala zonse ndi bambo ndi kamwana kake kuyendayenda mumzinda kufunafuna. Basi. Palibe mfuti, palibe kung fu, ndipo bamboyo sanali katswiri wa zisudzo, anali wogwira ntchito m'fakitale, De Sica anamutenga choncho.

Ndaionera kambirimbiri filimu imeneyi, ndinailembaponso pano kale, koma Loweruka ndi pamene ndinaona malo amene ndinkangodutsa. Pamene akupereka nsalu zija, kamera ikutsatira wantchito akukwera mashelefu aatali mpaka kudenga, onse odzaza mitolo ya nsalu za anthu ena. Palibe amene akulankhula kanthu. Mayi wina wakhala kutsogolo ndi mwana kumbuyo anangofuula kuti "ndiye mzinda wonse ukugona pa chiyani?" Anthu anaseka koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Mayi inu sindikukudziwani dzina, koma zimene munanena zikuposa ndime zitatu zimene ndinalemba ine. Ndipo pamene bambo ndi mwana afika pamsika pomwe njinga zaphwasulidwa, mabelu pawokha, matayala pawokha, mafelemu akupakidwa penti yatsopano, ndinasiya kumasulira, kukhosi kunatseka. Madala anali kumbuyo akugwira chingwe cha magetsi kuti chisagwedezeke, anangokhosomola mokweza, ndinapitiriza. Mathero ake sindinena, ena mwati mukufuna tidzaibwereze. Ndingoti kunali zii, ngakhale anyamata aja amabwera kudzasokosa anakhala chete mpaka zilembo zitatha.

Wina anandifunsa potuluka kuti bwanji sindionetsa zomasuliridwa kale zija za m'mavidiyo, zoti womasulira amaikamo nthabwala zake ndi mayina a kuno. Sindizinyoza, ndinakulira momwemo, ndipo ena mwa anyamata amenewo ali ndi luso loopsa. Koma filimu ngati iyi ukaithira nthabwala pamwamba waipha, mphamvu yake ili pamene anthu angokhala chete. Ine ndimamasulira zimene zanenedwa, pena ndimangosiya nkhope zilankhule zokha.

Tsopano ena onse. Zikomo mayi akunyumba, munapirira munthu wosalankhula miyezi yonseyi, ndipo nsalu yoyera tinaonetserapo ija inali yanu ya pabedi, anthu adziwe. Zikomo achimwene a ku Moatize amene munatibwereka projekita ya kuntchito kwanu kwa masabata angapo, ndiisamala, palibe mwana aikhudze. Aphunzitsi awiri aja munatithandiza mabenchi, anyamata a kwaya munanyamula, asisi a thobwa munagulitsa mwa ngongole theka la anthu, Mulungu akuonjezereni. Amene munatumiza kangachepe pa M-Pesa ndi e-Mola, ena sindikudziwani n'komwe, wina ali ku Beira wina ku Joni, ndalama yanu ndagulira disiki yatsopano ndi zitsulo za pawindo. Mwana wa mlongo wanga ku Tete amene wakhala akunditsitsira mafilimu usiku intaneti ikatchipa n'kumatumiza fulashi pa shapa, mphwanga iwe, malume ako sadzaiwala. Wandipezera Mandabi ya Ousmane Sembène ya 1968 yooneka bwino kuposa imene inabedwa, ija ya bambo wa ku Dakar amene walandira ndalama kuchokera ku Paris koma sangaitenge chifukwa alibe chitupa, ndipo chitupa chikufuna pepala lina, pepalalo likufunanso lina. Aliyense amene anayendapo m'maofesi adzadziona mmenemo.

Koma palinso ena. Amene munkabwera ndi mafulashi anu Lamlungu lililonse, "achimwene ndiikireniko zatsopano", kudya nsima kwathu, kutchaja mafoni pa magetsi anga. Chibedwereni disiki njira ya kwathu inamera udzu. Mmodzi tinakumana pa bomba la mafuta anandifunsa ngati ndapeza ina, osati ngati ndili bwino, ngati ndapeza ina. Sindikusunga mangawa, Ambuye akudziwa, ndipo Loweruka ndinakuonani awiri mwaima kumdima kuseri kwa galimoto. Mukanangobwera kutsogolo, malo analipo.

Ndibwerere kwa madala, chifukwa ndi iwo andichititsa kulemba zonsezi. Anthu atabalalika, tikupinda nsalu, zala zitauma ndi chisanu cha kuno chija, anandiuza kuti pali filimu imodzi imene akudandaula kuti sanakope. A Árvore dos Antepassados ya Licínio Azevedo, yemwe uja anapanganso Comboio de Sal e Açúcar mu 2016. Ija imatsatira banja limene likuchoka ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi kubwerera kwawo kuno ku chigawo cha Tete, ndi katundu pamutu, kukafuna mtengo wa makolo awo kuti akapepese ndi kunena kuti tabwera. Ndinawaonetsa kamodzi kokha kunyumba, anaonera osayankhula, atatha anadzuka n'kupita osatsanzika, ine ndinkaganiza kuti sinawasangalatse. Loweruka ndi pamene anandiuza kuti analephera kuikopa chifukwa sakanatha kukhala nayo m'nyumba, koma tsopano akuifuna, akufuna adzukulu awo aione iwo akadali moyo kuti aziwalozera kuti apa zinalidi chonchi, apa ife tinadzera njira ina.

Ambuye muwasunge madala amenewa, muwapatse maso akuthwa ndi manja osanjenjemera, chifukwa tauni yonse ino mawailesi ake ali m'manja mwawo.

Ndiye pempho langa ndi limenelo. Amene muli ku Maputo, ku Tete, ku sukulu zaukachenjede, kapena mukudziwa wina amene amasunga mafilimu a kwathu kuno, ndithandizeni kupeza A Árvore dos Antepassados, ngakhale yosaoneka bwino, ndidzalipira fulashi ndi shapa. Zolemba zija ndiyambiranso sabata ino, makope alipo, ndiyamba ndi ya njingayi. Loweruka likubwerali ndi Mandabi, malo omwewo, dzuwa likangolowa. Mubwere ndi majuzi ndi mipando yanu, mabenchi aphunzitsi akuwafuna Lolemba m'mawa ndipo msana wangawu sunyamulanso.