Supuni Ija Ikadali M'botolo

Popeza alamu anga achimwaza kale chithunzi chija m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kundifunsa ngati masiku ano ndikuumba njerwa, bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere miyendo. Mwaonayo ndi supunidi, ndipo yaimiriradi yokha m'botolo. Koma simenti sindinathiremo. Uja ndi jamu wa masitiroberi, wophika ndine, koyamba m'moyo wanga.

Muyezo sindinalakwitse, zimenezo zilembedwe. Kilogalamu imodzi ya masitiroberi, kilogalamu imodzi ya shuga, ndi madzi a ndimu limodzi. Ndinali nditawerenganso chifukwa chake ndimu limalowamo. M'zipatso muli chinthu chotchedwa pekitini, ndipo chikakumana ndi shuga pamodzi ndi kuwawasa, ndicho chimamanga jamu kuti asakhale madzi. Maapozi ndi mandimu ali nacho chambiri, masitiroberi ali nacho chochepa, ndipo akapsetsa chimacheperatu. Anga anali opsa mochita kupyapyala m'manja, chifukwa ine ndinkati chipatso chikapsetsa ndiye jamu wake atsekemera. Basi, ndinalowa m'khitchini ndili ndi mantha amodzi okha: kuti ndiphika madzi ofiira, anthu n'kumandiseka. Mantha amenewo ndi amene anandigwetsa m'mbuna.

Poto ndinasankha wamng'ono wonyezimira uja, n'kumudzaza mpaka m'khosi. Jamu akayamba kuwira amakwera ngati mkaka, n'chifukwa chake odziwa amaphikira m'poto wamkulu, wotakasuka, osapitirira theka. Zimenezi ndinaziphunzira ndikuona thovu la pinki likutsika m'mbali mwa poto modekha, ngati lili ndi kwina kumene likupita. Ndinasamutsira m'poto wamkulu, dontho limodzi n'kundidumphira pamkono. Shuga wowira sali ngati madzi otentha oti amakutentha n'kupita. Iye amakhala pomwepo, kumata, kukuperekeza mpaka pampopi.

Malangizo ankati aziwira mwamphamvu kwa mphindi 10 mpaka 15, kufikira atatentha madigiri 104 kapena 105. Choyezera kutentha ndinalibe. Pali njira ina ya anthu ngati ife: umaika kambale m'filiji kuti kazizire kwambiri, umadonthezerapo jamu, kudikira mphindi imodzi, kenako kumukankha ndi chala. Akachita makwinya ndiye kuti wapsa. Kambale ndinaikadi m'filiji. Kumbukirani kambale kameneka.

Mphindi 15 zitakwana ndinatukula mthiko. Jamu anayenderera, chuu, ngati madzi. Ndinati wandiyamba pekitini uja. Mphindi 30, chimodzimodzi. Apa ndiye pali chitetezo changa, ndipo amene mukuseka mumvetsere: jamu wotentha amakhala wamadzimadzi nthawi zonse, ngakhale atapsa bwino. Amalimba akamazizira. Kambale kozizira kaja ntchito yake inali imeneyi. Ndiye ine ndinkadikira kuti alimbe ali pamoto, zimene zili ngati kudikira kuti zovala ziume zili m'beseni.

Mphindi 50 zinakwana. Mtundu unachoka pa kufiira kokongola kuja n'kufika pa kufiira kwa chiwindi, kenako n'kuyamba kufanana ndi polishi wa nsapato. Thovu linasiya kuthamanga, linayamba kuphulika limodzilimodzi, phwa, phwa, ngati likuganiza kaye. Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo la khitchini, mphuno ili m'mwamba.

"Bambo, kodi chikupserera n'chiyani?"

"Sichikupserera mayi, akukhwima."

Anandiyang'ana, anayang'ana poto, n'kubwerera osanena kanthu, zimene pa zaka zonse zimene takhala limodzi ndikanayenera kuzimva ngati belu la ngozi. Ndinaphula patatha ola limodzi ndi mphindi 10. Madzi akamatha mu shuga wowira, kutentha kumangokwerabe, ndipo pofika cha m'madigiri 150 umakhala ukupanga maswiti olimba aja ophwanya mano. Pa jamu ndinadutsa kalekale ngati basi yodzaza, osaima.

Mabotolo okha ndiye ndinawasamala ngati a kuchipatala. Ndinawawiritsa mphindi 10 ndi zivindikiro zomwe, n'kuthira jamu akadali otentha kuti asasweke. Ndinkayembekezera mabotolo anayi, anatuluka awiri ndi theka. Ndinamata timapepala, ndinalemba deti, ndinagona ngati munthu amene wamanga nyumba.

M'mawa mwake kunali alendo, apongozi anga aakazi ndi alamu anga omwe aja a foni. Ndinabweretsa botolo patebulo ndi manja awiri. Chivindikiro chinatseguka bwinobwino, pho, umboni woti ndinatseka molondola, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wamva. Apongozi anatenga chidutswa cha buledi n'kuchigwira m'manja, kudikira.

Ndinalowetsa supuni. Inalira kho! ngati ndagogoda pachitseko.

Ndinamwetulira n'kukanikiza. Supuni inapindika pang'ono, jamu osachita ngakhale kachizindikiro. Ndinati wangozizidwa, nkhani yaing'ono, n'kukaviika supuni m'madzi otentha. Apa inalowa, pang'onopang'ono, mwaulemu, kufika ngati theka la chala. Kenako inazizira. Nditati ndiitukule, botolo linanyamuka nayo limodzi. Ndinaimirira pakati pa chipinda nditagwira supuni, botolo likulendewera kunsi kwake ngati nyali. Ndinagwedeza, linagwedera. Ndinapotokola, botolo linazungulira nane mokhulupirika. Ndinalitembenuza chadodolido pamwamba pa tebulo, osagwa ngakhale dontho, ndipo kwa kamphindi, ndisaname, ndinanyadira, chifukwa dzulo lake mantha anga onse anali madzi.

Alamu anagwira botolo, ine supuni, mwana akuwerenga mpaka katatu. Tinakokana kuchoka patebulo kufika pakhomo. Alamu amalemera kuposa ine, ndiye anandikoka masitepe angapo masokosi akutsetsereka, supuni osasuntha. Ulimbo ukanakhala chonchi, bwenzi mbalame zitatha m'dziko. Nthawi yonseyi apongozi buledi uja ali m'manja, atakhala mowongoka, nkhope ili phee ngati ali m'pemphero. Sanaseke. Anangotembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa motsitsa mawu:

"Kodi bambowa akuti zimenezi timadya bwanji, timanyambita?"

Botolo lachiwiri ndinalilowera ndi mpeni ndi chogogodera. Kachidutswa kanathethetuka, kanawomba kabati, n'kugwera pansi kakulira ngati ndalama yachitsulo. Mwana anakatola, anakatsuka, n'kukaika m'kamwa. Anakamumunya mpaka masana. Nditamufunsa kukoma kwake anati poyamba kamatsekemera, kenako kamamveka ngati pansi pa poto.

Tsono amene mukunditcha mmisiri wa konkire, taganizani. Oyamba kumene ambiri jamu wawo salimba n'komwe, ena amachita nkhungu pakangopita masabata ochepa chifukwa chochepetsa shuga kapena mabotolo osawiritsa. Wanga nkhungu ingalowere pati? Nyerere zinabwera, zinazungulira botolo lotsegula lija, n'kubwerera. Akuti jamu wolimbitsa amatheka kumufewetsa pomutenthetsanso ndi madzi pang'ono, koma fungo la kupserera silichoka, komanso kuti ndimutenthetse ndiyenera kumutulutsa kaye m'botolo, ndipo nkhani yathu yagona pomwepo.

Poto anakhala m'madzi masiku atatu. Kambale kaja ndinakapeza Lachinayi, kali m'filiji kuseri, kozizira bwino, kokonzeka. Botolo lachitatu, la theka lija, panopa likugwira chitseko cha khitchini kuti mphepo isamachimenyetse, ndipo likugwira bwino ntchitoyo.

Mayi a kunyumba akuti supuni ija ndi ya seti, zinali 6, ndipo akuifuna. Ndawauza kuti sinasowe, tonse tikuiona pamene ili.