Utsogoleri wa wokonza mapangidwe umayesedwa chitsulo chisanagobedwe

Anthu ambiri akamva za katswiri wokonza mapangidwe a katundu wa m'mafakitale, amaganiza za munthu wa pensulo yakuthwa amene amajambula ketulo, mpando kapena foni yokongola, ndipo sakulakwa kwenikweni, popeza ntchitoyo imayambiradi pa pepala. Koma munthu yemweyo akapatsidwa udindo wotsogolera anzake ndi kuyendetsa pulojekiti kuchokera pa ganizo loyamba kufikira katundu atatuluka m'fakitale, luso la kujambula silikhalanso muyeso waukulu wa ntchito yake. Ndagwira ntchito m'magulu otere kumbali ya kukonza ndondomeko ndi kulumikizana ndi opanga zikombole, ndipo chimene ndachiona n'chakuti mtsogoleri wabwino amadziwika ndi nthawi imene amamangira mfundo zake. Amalola anthu kukangana msanga, pamene kusintha chinthu sikunafike powonongetsa ndalama, ndipo amautseka mkanganowo molimba mtima chitsulo chisanagobedwe.

Mfundoyi singamveke popanda kufotokoza mmene katundu wa pulasitiki amapangidwira. Pulasitiki yosungunuka imapoperedwa mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo, imazizira momwemo, kenako chikombolecho chimatseguka ndipo chinthucho chimakankhidwira kunja. Chikombole choterechi chimatenga masabata angapo kuti chigobedwe, ndipo kawirikawiri chimadya gawo lalikulu la bajeti ngakhale chinthu chimodzi chisanagulitsidwe. Pa kompyuta, kukuza chogwirira ndi mamilimita 2 ndi ntchito ya masana amodzi. Chitsulo chikakhala kuti chagobedwa kale, kusintha komweko kungafune kuwotcherera, kugobanso, kusalazanso ndi kuyesanso, ndipo tsiku loyamba kugulitsa limasuntha pamodzi ndi zonse zimene a malonda analonjeza makasitomala. Opanga zikombole amadziwa kuti kuchotsa chitsulo n'kosavuta koma kuchibwezera ndi ntchito yaikulu, choncho pamalo pamene pali chikayiko amasiya dala chitsulo chochulukirapo kuti adzachichepetse akaona zotsatira za kuyesa koyamba. Wotsogolera okonza mapangidwe amene sadziwa zimenezi amalamula zinthu zimene sadziwa kulemera kwake.

Mayi wina amene anatsogolera gulu lathu pa ntchito yokonza kachipangizo kogwira m'manja koyezera magetsi anali ndi chizolowezi chimene poyamba ena ankachiona ngati kutaya nthawi. Ankaitana wopanga zikombole ku msonkhano woyamba weniweni wounika mapangidwe, pamene patebulo panali chitsanzo chosemedwa pa siponji yolimba, chimene chinali chisanapentedwe n'komwe. Tsiku lina bambo wopanga zikomboleyo ananyamula chitsanzocho, nayendetsa chala chake chachikulu m'mbali mwake, ndipo anaima pamene khoma linali loongoka njo. Anati khomalo liyenera kupendekeka pang'ono, digiri 1 kapena 2, apo ayi chinthucho chidzakakamira m'chikombole ndipo chidzatuluka ndi zokalika. Kenako anayang'ana chojambula cha m'kati mwake naloza nthiti yolimbitsira imene inali yochindikala mofanana ndi khoma lakunja, nanena kuti pulasitiki ya pamenepo idzachedwa kuzizira ndipo idzakoka nkhope yakunja, n'kusiya kadzenje koonekera bwino pa malo osalala amene kasitomala adzayamba kuyang'ana.

Mnyamata amene anajambula chipangizocho anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo nkhope yake inagwa. Mayi aja sanamuyankhire, komanso sanamusiye yekha. Anati, "Mwamva zimene bambowa anena. Tiuzeni chimene simukufuna kuti chitayike pa maonekedwe amenewa, ndipo zinazo tiwapatse iwo atithandize." Mnyamatayo anati chimene ankachiteteza ndi mzere umodzi woyenda kuchokera pa galasi kufika pa chogwirira. Mzerewo unasungidwa, khoma linapendeketsedwa, nthiti ija inachepetsedwa kufika pafupifupi theka la kuchindikala kwa khoma, ndipo zonsezi zinatha tsiku lomwelo popanda kukhudza chitsulo. Chimene ndinachisirira kwambiri n'chakuti mfundo iliyonse yomangidwa inkalembedwa m'kaundula mmodzi, pamodzi ndi tsiku, dzina la amene wavomereza ndi chifukwa chake. Patapita miyezi, bwana wina wa malonda atafunsa chifukwa chimene batani linaikidwira kumanzere, palibe amene anafunika kukumbukira pamtima kapena kuloza mnzake chala.

Ndinagwirapo ntchito ndi mtsogoleri wa mtundu wina, ndipo sindingabise kuti pa kujambula ankawaposa mayi aja. Vuto lake linali lakuti diso lake silinkakhuta. Mapangidwe atatsekedwa kale ndi kusainidwa, ankabwera m'mawa ndi ganizo lakuti ngodya ina ifewetsedwe pang'ono, ndipo popeza anali wamkulu, palibe amene ankalimba mtima kumuuza kuti chikombole chili kale pa makina. Kusintha kulikonse pakokha kunali kwanzeru, ndipo ichi ndicho chimachititsa khalidwe lotere kukhala lovuta kulidzudzula. Koma zosinthazo zitaunjikana, mainjiniya anasiya kukhulupirira kuti chojambula chimene alandira n'chomaliza, nayamba kuchedwetsa dala ntchito yawo podikira kusintha kotsatira. Gulu likafika pamenepo, ndondomeko ya masiku imene yapachikidwa pakhoma imasanduka chokongoletsera chabe.

Anthu okonda kusintha zinthu mpaka tsiku lomaliza amakonda kutchula James Dyson, amene anapanga zitsanzo zoyesera 5,127 asanakhutire ndi makina ake opopa fumbi opanda thumba, ndipo makina ake otchedwa DC01 anayamba kugulitsidwa ku Britain m'chaka cha 1993. Nkhaniyo ndi yoona, koma ine ndimaona kuti imagwiritsidwa ntchito molakwika. Kuyesa konseko kunachitika pa zitsanzo, zoyambirira zake zamakatoni, ndipo iye ankasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti adziwe chimene chabweretsa kusiyana. Komanso nthawi ndi ndalama zimene ankaika pachiswe zinali makamaka zake. Wotsogolera gulu pa kampani akuyendetsa nthawi ya anthu ena, ndipo chimene angatengepo pa Dyson ndicho kuchulukitsa kuyesa pa chiyambi, pamene kulakwitsa kumangowononga katoni.

Dieter Rams, amene anatsogolera nthambi ya mapangidwe ku kampani ya Braun ku Germany kuyambira 1961 kufikira 1995, amakumbukiridwa kwambiri ndi mfundo zake 10 za mapangidwe abwino, koma kwa ine chochititsa chidwi ndi mmene ntchito inkayendera pomuzungulira. Erwin ndi Artur Braun, amene anatenga kampaniyo m'chaka cha 1951 bambo awo atamwalira, anaika okonza mapangidwe pafupi ndi pamene mfundo zazikulu zinkamangidwa, kotero kuti okonzawo sankangolandira chinthu chotha kale kuti achiveke chikopa chokongola. Ndiponso katundu wotchuka wa nthawi imeneyo sanali wa munthu mmodzi: wailesi yokhala ndi galamafoni ya SK 4 ya 1956 Rams anaikonza pamodzi ndi Hans Gugelot, ndipo kakyuleta ya ET 66 ya 1987 anaikonza ndi Dietrich Lubs. Kusunga kalembedwe kamodzi ka mapangidwe pa malezala a magetsi, mawailesi ndi zipangizo za kukhitchini kwa zaka zoposa 30 si ntchito ya dzanja limodzi lojambula. Pamafunika munthu wodziwa kusankha anthu, kuwapatsa malire omveka ndi kukana zopempha zambiri popanda kudana ndi opemphawo.

Chitsanzo china chikuchokera ku Toyota, ngakhale kuti mwini nkhaniyo anali injiniya. Takeshi Uchiyamada atapatsidwa udindo wotsogolera ntchito imene inabala galimoto ya Prius, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu December 1997, anasonkhanitsa akatswiri a nthambi zosiyanasiyana m'chipinda chimodzi chachikulu, chimene a ku Japan amachitcha obeya, momwe zojambula, ndondomeko ndi mavuto zinkapachikidwa pakhoma kuti aliyense aziona. M'malo moti funso liyende masiku kuchoka pa ofesi ina kupita pa inzake, linkayankhidwa anthu ali chiimire pamaso pa chojambula chomwecho. Zimene ankachita mayi aja poitana wopanga zikombole msanga n'zofanana ndi zimenezi, kungoti iwo ankazichita pa tebulo limodzi ndi anthu ochepa.

Pofika nthawi younika kagwiridwe ntchito ka mtsogoleri wotere kumapeto kwa chaka, mafomu ambiri amafunsa ngati pulojekiti inatha pa nthawi yake ndiponso ngati bajeti sinapyoledwe. Mafunsowo ndi oyenera, koma amabisa zambiri, chifukwa pulojekiti ikhoza kutha pa tsiku lake gulu lonse litafooka ndi kugwira ntchito usiku, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake anthu aluso n'kuyamba kulemba makalata osiya ntchito. Ine ndikanakhala wounika, ndikanayamba ndi kuwerenga zosintha zimene zinalamulidwa chikombole chitayamba kugobedwa, n'kufufuza kuti ndi zingati mwa izo zikanadziwika kale anthu oyenera akanafunsidwa pa chiyambi. Ndikanafunsanso a ku fakitale, amene kawirikawiri saitanidwa ku zounika zotere ngakhale kuti ndiwo amasenza zotsatira za chojambula chilichonse. Ndipo ndikanaona ngati achinyamata a m'gululo tsopano amatha kuimirira okha pamaso pa mainjiniya ndi kufotokoza chifukwa cha mzere uliwonse umene ajambula, kapena amangoyang'ana nkhope ya bwana wawo asanatsegule pakamwa.

Pali mbali ina imene mafomu sangaigwire, ndiyo mmene mtsogoleri amaimira zinthu zikavuta. Zitsanzo zoyamba zikatuluka m'chikombole zili ndi chilema, akuluakulu a kampani amafuna dzina la wolakwa, ndipo chapafupi ndicho kupereka dzina la wamng'ono amene anajambula gawolo. Mwambi wa makolo umati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene anasaina kuti mapangidwe atsekedwe ndiye ayenera kulowa m'chipindamo ndi kufotokoza chimene chachitika, nthawi imene kukonza kudzatenge ndi chimene chidzasiyidwe kuti tsiku lisasunthe kwambiri, ndipo zokambirana ndi wojambulayo zichitike pambuyo pake, paokha.

Kutseka mapangidwe sikutanthauza kuti sangatsegulidwenso zivute zitani. Pa kachipangizo koyezera magetsi kaja, kuyesa kokagwetsa pansi kunaonetsa kuti chivundikiro cha mabatire chinkatseguka kakagwera pa ngodya inayake, ndipo pa chinthu chimene munthu amachigwira pafupi ndi mawaya amoto, vuto lotere silikanasiyidwa. Mayi aja anatsegula gawo lokhalo, analemba m'kaundula muja chifukwa chake, ndipo anapita okha kukauza a malonda kuti tsiku lisuntha ndi masabata angapo. Sabata yomweyo wina anapempha kuti, popeza chikombole chikubwerera kale kokakonzedwa, mtundu wa batani ndi malo a chizindikiro cha kampani zisinthidwenso. Pempholo analikana, nalilemba pa mndandanda wa zodzaganizira pokonza mtundu wotsatira wa chipangizocho.