Ati zipembedzo zonse nzofanana, zoona?

Sabata yatha pa gulupu yathu ya WhatsApp ya amene tinaphunzira limodzi kunabuka mkangano, wina anangoponya kachithunzi kolembedwa kuti zipembedzo zonse nzofanana bola ukhale munthu wabwino basi, nde anthu analusa ngati awaponda pa chilonda, mavesi kumangogwa mpaka pakati pa usiku, wina anafika potuluka mu gulupu nkudzabweranso mmawa kkkk. Ine ndinangokhala duu, koma nkhaniyi inandikhala mmutu sabata yonse chifukwa ndimaona kuti aliyense anagwirako mbali ya zoona nkusiya inayo.

Komanso tikamakangana timaiwala kuchuluka kwa anthu amene tikuwanenawo. Akhristu alipo oposa 2 biliyoni, Asilamu pafupifupi 2 biliyoni, Ahindu oposa 1 biliyoni, Abuda mamiliyoni mazana angapo, pomwe Ayuda, eni ake a Chipangano Chakale chija timawerenga mu tchalitchi, ndi pafupifupi 15 miliyoni yokha dziko lonse. Anthu onsewa kungowaunjika mu chiganizo chimodzi, kaya chowayamikira kaya chowanyoza, ndi kuthamanga.

Ndiyambe ndi pamene mnzathu wa kachithunzi uja analondola. Ine ndinakula ndikuganiza kuti mawu a pa Mateyu 7:12, oti zimene mufuna kuti anthu akuchitireni inunso muwachitire zomwezo, ndi athuathu Akhristu. Ayi ndithu. Confucius, mphunzitsi wa nzeru wa ku China, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kale kuti chimene sufuna kuti chikuchitikire usachitire mnzako. Asilamu ali ndi hadith, ndiye kuti mawu a mneneri Muhammad, yodziwika kwambiri yoti munthu sanakhulupirire kwenikweni mpaka atamufunira m'bale wake zimene amadzifunira yekha. Mu Mahabharata, buku lakale la Ahindu, mulinso mfundo yomweyi. Koma imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya mu Talmud, buku la ziphunzitso za aphunzitsi akale a Chiyuda, ati munthu wina amene sanali Myuda anapita kwa mphunzitsi Shammai nkumuuza kuti ndiphunzitseni Chilamulo chonse ndili chiimire ndi mwendo umodzi, Shammai anaona ngati chipongwe nde anamuthamangitsa ndi ndodo yoyezera ya amisiri omanga. Munthu uja sanagwe ulesi, anapita kwa mphunzitsi wina, Hillel, ndi funso lomwelo, Hillel anangoti chimene umadana nacho iwe usamuchitire mnzako, Chilamulo chonse ndi chimenecho, zinazo ndi ndemanga, pita ukaphunzire. Anthu ambiri pofotokoza nkhaniyi amasiya kamapeto kaja koti pita ukaphunzire, chonsecho ndi kamene kakuonetsa kuti Hillel sankanena kuti zinazo zilibe ntchito.

Pa nkhani yopereka ndiye amafanana mochititsa mantha. Msilamu amapereka zakat, 2.5 peresenti ya chuma chimene wasunga chaka chathunthu chikadutsa mlingo wina wake, ndipo si nkhani yoti ukafuna, ndi imodzi mwa nsanamira 5 za Chisilamu pamodzi ndi shahada (kuvomereza chikhulupiriro), swala (mapemphero), kusala mwezi wa Ramadan ndi ulendo wa ku Makka. Ife timadziwa chakhumi. Asikh, a chipembedzo china cha ku India, nawonso ali nacho chakhumi chawo, kuphatikizapo langar, khitchini ya ulere imene imapezeka pa kachisi wawo aliyense, ku Golden Temple ku Amritsar anthu zikwizikwi amadya tsiku lililonse atakhala pansi mmizere, bwana ndi wopemphapempha phewa ndi phewa, safunsa kuti umapemphera kuti. Maimonides, mphunzitsi wa Chiyuda amene anabadwira ku Cordoba nkukamwalira ku Egypt mu 1204, anachita kusanja kupereka mu masitepe 8, ndipo yapamwamba penipeni si kupereka ndalama yambiri ayi, ndi kumuthandiza munthu ndi ntchito kapena ngongole kapena kugwira naye bizinesi kuti asadzapemphenso. Ndinawerenga kawiri pamenepa chifukwa ine kupereka kwanga nthawi zambiri kumakhala koti munthuyo achoke pamaso panga msanga, ndinene zoona.

Kusala kudya nakonso kuli paliponse, Ramadan, masiku 40 a Lenti, Yom Kippur ya Ayuda imene amakhala pafupifupi maola 25 osalawa olo madzi. Malamulo 5 a Abuda oti usaphe, usabe, usachite chiwerewere, usaname, usaledzere, ukawawerenga mwachangu ungaganize kuti uli pa Eksodo 20.

Koma apa mpamene ndimasiyana ndi mnzanga uja. Kufanana pa zochita sikutanthauza kuti akunena chinthu chimodzi. Titenge za Yesu yekhayo. Quran imamulemekeza kwambiri, imamutcha Isa mwana wa Maryam, imavomereza kuti anabadwa mwa namwali, ndipo Maryam ndi mkazi yekhayo amene watchulidwa dzina mu Quran yonse, sura 19 ili ndi dzina lake. Koma Quran yomweyo pa sura 4 vesi 157 ikuti sanamuphe ndipo sanamupachike, sura 112 ikuti Mulungu sanabereke ndipo sanaberekedwe. Nanga Mkhristu ukamuchotsera mtanda ndi kuuka kwa akufa watsala ndi chani? Ayuda nawo amati Mesiya sanabwerebe. Atatuwa onse amati kholo lawo ndi Abrahamu koma pamenepa sangalondole onse nthawi imodzi, ndipo iwo eni akudziwa.

Ukapita kummawa ndiye mafunso ake enieniwo ndi ena. Mhindu amakhulupirira kuti mzimu, atman, umabadwanso kambirimbiri molingana ndi karma, zotsatira za zochita zake, mpaka udzamasuke, pomwe Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo. Buddha anapitirira apo nkunena kuti olo mzimu wokhazikika umene umati "ine" kulibe, ndipo chiphunzitso chake sichidalira Mulungu wolenga. Nde mawu aja timakonda oti tonse tikupembedza Mulungu mmodzi njira zokha ndi zosiyana, kwa Mbuda sakumveka nkomwe. Amaoneka ngati aulemu koma pena pake ndi mwano, chifukwa ukumuuza munthu zimene amakhulupirira usanamufunse.

Chimene chinandivutitsa kwambiri komabe si kusiyanaku. Ndi funso loti ngati onse amaphunzitsa kukonda mnzako, magazi onsewa achokera kuti? Nkhondo ya zaka 30 ku Ulaya, 1618 mpaka 1648, inayamba pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, Baibulo lake limodzi lomwelo. Mu 1947 pogawa India ndi Pakistan, Ahindu, Asilamu ndi Asikh anaphana mazanamazana a zikwi. Ku Rwanda mu 1994 anthu anaphedwera mmatchalitchi momwe ankapemphera limodzi ndi owaphawo. Mu 2017 Arohingya oposa 700,000, ambiri mwa iwo Asilamu, anathawa ku Myanmar, dziko la Abuda ambiri, kupita ku Bangladesh. Palibe amene angaloze mnzake chala apa. Ndale ndi malo ndi chuma zinalipo mu nkhani zonsezi, inde, koma palibe olo mmodzi mwa anthuwa amene anali asanamvepo lamulo lija. Ankalidziwa bwinobwino. Anangochepetsa tanthauzo la mawu oti mnzako mpaka linatsala la anthu a mtundu wake ndi a mpingo wake okha.

Mpake pa Luka 10 katswiri wa malamulo uja sanafunse Yesu ngati kukonda mnzako ndi koyenera, zimenezo anali ataziloweza kale kuchokera pa Levitiko 19:18. Anafunsa kuti nanga mnzangayo ndani? Ndipo poyankha Yesu anasankha dala Msamariya, munthu wa chipembedzo chimene Ayuda ankachiona ngati chosokera, wolambira pa phiri la Gerizimu mmalo mwa Yerusalemu. Wansembe ndi Mlevi, a chiphunzitso cholondola, anadutsa mbali ina.

Ndi chifukwa chake ndimakonda zimene zinachitika ku Assisi, ku Italy, pa 27 Okutobala 1986, Papa John Paul II ataitana atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana, a Dalai Lama, mtsogoleri wa Abuda a ku Tibet, analiponso, kudzapempherera mtendere. Sanasakanize mapemphero nkupanga phala limodzi ayi, gulu lililonse linapemphera mwa njira yake, enawo ali pomwepo mwaulemu. Ena mu mpingo wake womwe anamudzudzula kuti wanyanya, koma ine ndimaona kuti anapeza pabwino, palibe anauzidwa kuti asiye chikhulupiriro chake pakhomo ngati nsapato.

Zonsezi ndinazilemba mwachidule nkuponya pa gulupu paja Lachisanu usiku, ndikuyembekeza kuti moto uyakanso. Anthu awiri anangoika ka chala kammwamba, wa kachithunzi uja anati ndalemba zambiri awerenga mawa, mpaka lero. Amene anandiyankha zenizeni ndi mnzanga wina Msilamu, ku inbox, kundikonza kuti poyamba ndinalemba ngati 2.5 peresenti ija imachoka pa salale ya mwezi pomwe ndi ya pa chuma chosungidwa, kenako anandifunsa kuti nanga chakhumi chathucho timawerengera msonkho asanadule kapena atadula, tinacheza mpaka foni inathima.