Nkhondo yanga ya m'ngalande ya ku Kawale

Popeza alamu anga ayamba kale kuyenda nayo nkhaniyi uku akuithira mchere wawo, bola muimve kwa mwini wake. Inde, ndinali m'ngalande. Inde, ndinali ndi tambala. Koma zoti ndinkalira kuitana amayi anga ndi bodza lamkunkhuniza. Ine ndinkapereka malamulo.

Usiku wake ndinagona mochedwa ndi filimu ija ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a ku America akutsika m'maboti pagombe la Normandy pa 6 June 1944. Inu amene munakulira m'mavidiyo sho a ku Mchesi ndi kwa Biwi mukuidziwa. Chitseko cha boti chikungotseguka, anyamata akutsogolo onse ali gwa, wina akuzungulira pamchenga kufunafuna mkono wake. Mafilimu anga ndi amenewa, a msilikali wolemba kalata kwa amake ali m'dzenje, masokosi atanyowa, akudya nyemba zozizira za m'chitini. Ndipo m'mafilimu onsewa, amene waimirira kuti aone chalira n'chiyani ndiye amayamba kutsikira kulichete.

Kutacha, mayi a kunyumba anandituma kudepoti kukachingamira apongozi, amachokera ku Mitundu. Ufa ndi maungu tinakweza pa kabaza, tambala womangidwa miyendo ndi luzi ndinanyamula ndine. Tatsika minibasi ku Kawale, iwo patsogolo, ine pambuyo chapatali ndithu, mkamwini waulemu wake.

Phuuu!

Abale, thupi linapanga lokha chiganizo. Ndinakuwa kuti, "Aliyense pansi! Gonani pansi!" n'kudziponya m'ngalande chamimba. Ngalande ya mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Munali majumbo, nthangala za mango, ndi thewera la mwana limene sindikufuna kulikamba.

Ndinagona phee, tsaya lili m'matope, tambala ndamupana m'khwapa ngati mfuti. Ndinkadikira chimene chimachitika mufilimu bomba likaphulika pafupi: phokoso lonse limazilala, m'makutu mumangolira kuti tiii, anthu amathamanga pang'onopang'ono pakamwa pali yasa. Ndinadikira. M'malo mwake ndinamva wailesi ya pa malo ometera ikupitiriza uthenga wa maliro, ndi mayi wina wa mandasi akufunsa mnzake kuti, "Bambowa aledzera masana ano?" Ndinati mumtima, anthu wamba sadziwa kanthu, lachiwiri likubwera. Ndiye ndinayamba kukwawa ndi zigongono, mutu pansi, matako pansi, monga mwa malamulo. Kunena zoona ndinakwawa bwino. Wina akanajambula moyenera mukanaona kuti maphunziro analowa. Tambala uja, amene anakhala chete ulendo wonse kuchokera ku Mitundu, anasankha nthawi yomweyo kutulutsa mutu n'kulira kokoliliko, dzuwa lili pamutu, kuulula malo athu kwa adani.

Kenako pamphuno panga panaima majombo akuda. Ndikweze maso, msilikali weniweni, yunifolomu yake ya mawangamawanga, jumbo ya tchipisi m'manja, kamtengo kali pakamwa. Anali pa chiwaya nthawi yonseyi ndipo ngakhale chidutswa cha kabichi sichinagwe.

"Bambo," anatero modekha, "adani ali mbali iti?"

Ndinaloza ndi chibwano cha kumsewu. Iye anayang'ana. Lole ya njerwa inali itaima mopendekeka, tayala lakumbuyo lili nyankhalala, dalaivala atagwira m'chiuno.

"Ndi tayala, bambo. Komanso chipolopolo chimathamanga kuposa kulira kwa mfuti. Mukamva kulira ndiye kuti chadutsa kale." Anatola tchipisi china. "Koma kagwedwe kokha mwakhoza."

Mwamva? Mwakhoza. Mawu amenewa alamu anga sakuwatchula.

Tsopano pali chimene mafilimu saonetsa. Msilikali akadziponya pansi, chithunzi chimasintha, timamuona ali kale kumsasa akusuta fodya. Palibe filimu imene inandiphunzitsa kadzukidwe ka bambo wa ana m'ngalande, kulibe nkhondo, akabaza atazungulira, ana asukulu akuchitira sawatcha. Ndinayamba ndafufuza m'matope ngati ndataya chenje. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Ndinamufunsa tambala ngati ali bwino. Ndikanatha kukhala momwemo mpaka mdima, n'kutulukira ku mtsinje wa Lilongwe, n'kukayamba moyo wina ku Salima.

Apongozi anali chilili pomwe ndinawasiya, atatembenukira kwina, chitenje chili pakamwa. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Sanalankhule mpaka pageti, pomwe anauza mwana wawo kuti, "Atenthetsereni madzi bambo a kunyumba, achokera kutali."

Amene mukunena kuti msilikali sasiya mnzake pambuyo, ndiye ine ndinathawa n'kusiya apongozi poyera, tandiuzani: mkamwini amawagwira pati apongozi kuti awagwetse pansi? Padzanja? Pachitenje? Mlandu wake ukanafika kwa ankhoswe dzuwa lisanalowe. Ndinachenjeza ndi pakamwa, ndinapulumutsa amene mwambo umandilola kumugwira. Ndipo inu ana obadwa dzana musamaseke kwambiri. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, asilikali akulanda zida a Payoniya, mfuti zinalira zenizeni mu Lilongwe muno, ndipo akuluakulu ena amene akundisekawa anakwana pansi pa bedi ndi mimba zawozo. Azigogo athu a King's African Rifles amene anakamenya nkhondo ku Burma sanabwerere kumudzi chifukwa choimirira n'kumafunsa kuti chaphulika n'chiyani.

Tambala uja sanaphedwe. Apongozi akuti nyama imene yaona nkhondo sadyera nsima, ndiye ali kuseri kwa nyumba, ana amutcha Sajeni, ndipo amadya gaga wogula ine. Rimoti mayi a kunyumba anaibisa.

Nsapato ya kumanzere sinapezeke. Amene mumadutsa cha kumeneko, ndi yakuda, saizi 9, chidendene chodyeka pang'ono.