Kabokosi ka amalume

Tulo sitikubwera, ndipo chifukwa chake ndi kabokosi.

Dzulo usiku ndinatumizira amalume chilembo ichi 𒀭 pafoni, poti amakonda nkhani zamakedzana. Kwa ine chimaoneka ngati nyenyezi. Lero nditapita kukawasiyira ufa, anandichingamira foni ili m'manja.

"Iwe, wanditumizira chiyani? Kabokosi kopanda kanthu?"

Kuyang'ana, zoonadi, kabokosi.

Ndinayamba kufotokoza, mwinanso ndinachita kunyanya. Ndinati anthu a ku Sumer, kum'mwera kwa Iraq wa lero, ankadinda chilembochi ndi bango padongo laliwisi zaka zoposa 4,000 zapitazo. Ankachiwerenga an, kutanthauza kumwamba, kapena dingir, kutanthauza mulungu. Anthu oyandikana nawo a ku Akkad atachitengera ankati ilu. Nthawi zina sankachitchula n'komwe, ankangochiika patsogolo pa dzina ngati Enlil kapena Inanna, kuti wowerenga adziwe kuti ameneyu ndi mulungu. Mu 2006 a Unicode, bungwe lomwe limapereka nambala kwa zilembo za m'makompyuta ndi m'mafoni, anachipatsa nambala yakeyake, U+1202D. Foni yanga inatumiza nambalayo, osati chithunzi, ndipo yawo inailandira bwinobwino, kungoti ilibe font (zithunzi za zilembo zomwe foni imasunga) yoti ijambulire chilembocho.

"Ndiye chafika kapena sichinafike?"

"Chafika, amalume."

"Nanga chili kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Iwo kuseka mpaka kutsokomola, amvekere mulungu wa anthu amenewo waopa kulowa m'foni ya mkulu wa mpingo.

Ndinaseka nawo, koma mumtima zinandinyong'a. Si iwo ayi. Chandivuta n'chakuti nanenso ndimadzinamiza kuti ndikuona chenichenicho. Chilembochi chinasintha maonekedwe pa zaka zambirimbiri zomwe ankachilemba. Pofika nthawi ya mafumu a ku Assyria, nyenyezi ija inali itatha, kunangotsala timizere tochepa topingasana. Koma nambala ndi imodzi yomweyo. Ndiye nyenyezi yomwe ndinkanyadira ndi yomwe anasankha wopanga font, basi.

Mu minibasi pobwerera ndinakumbukira ŵ wathu. Nayenso ali ndi nambala, U+0175, ndipo foni ya amalume imamuonetsa popanda vuto. Amamulemba ndani? Ine ndemwe, wolalikira za dongo la ku Iraq, dzina la dziko lathu ndimalilemba lopanda kadenga kake.

Magetsi angozima kumene. Ufa uja ndaupeza m'chikwama, ndabwerera nawo.