Amayi atuluka m'chipatala: zikomo Agogo a kutsidya kwa msewu

Amayi atuluka. Ali kunyumba, akudya, akuyankhula bwinobwino, ndipo akutha kuyenda okha kuchoka kuchipinda kukafika pakhonde. Impso zija zayambanso kugwira ntchito, adokotala ati makina osefa magazi sakufunikanso. Mulungu wosagona, wosawodzera, landirani ulemu wonse. Ndikulemba thupi likuphwanya ndi kutopa, koma mtima ukukana kuti ndigone ndisanathokoze.

Nonse mukuidziwa nkhani ya mmene kutentha kwa kuno ku Phoenix, ku America, kunagwetsera Amayi, sindiibwereza yonse. AC, makina oziziritsa m'nyumba, inafa pakati pa July, eni nyumba n'kumangoti katswiri akubwera, katswiri akubwera. Ine ndinali ku ntchito ya usiku, bambo a mwana ali kutali ndi thiraki. Mwana anakagona kwa Agogo, neba wathu wa kutsidya kwa msewu. Amayi anaitanidwanso koma anakana, mwa ulemu wawo uja wosafuna kuvutitsa anthu, anati fani iwakwanira. Amene simunakhaleko kuno ku Phoenix mwina mungadabwe kuti fani ingalephere bwanji. Mpweya ukapitirira madigiri 35 a Celsius, fani imangokukupizira moto womwewo. Ndipo kuno usiku sikuzizira, chifukwa simenti ndi phula zimene zamwa dzuwa tsiku lonse zimalavula kutenthako mpaka kucha. Mu July 2023 linalipo tsiku limene kutentha sikunatsike pansi pa 97 pa muyeso wa kuno wa Fahrenheit, ndiye kuti 36 a Celsius, ngakhale m'bandakucha. Kuwonjezera apo Amayi amamwa mapiritsi a BP amene amachotsa madzi m'thupi. Nyumba inasanduka uvuni wa njerwa, iwo ali m'katimo okha.

Tsono Agogo. Dzina lawo sindililemba, sakonda zotchuka. Ndi mayi wachikulire wochokera ku Sonora, ku Mexico, ndipo akhala mumsewu muno kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo ndi Amayi alibe chiyankhulo chowalumikiza. Agogo amayankhula Chisipanishi ndi Chingerezi chochepa, Amayi Chichewa chokha. Koma m'mawa uliwonse cha m'ma 5 koloko, nthawi yokhayo imene munthu wamkulu angatuluke panja m'chilimwe, onse awiri ankatuluka kukathirira timaluwa tawo. Uyu n'kukweza dzanja, uyo n'kukweza dzanja. Nthawi zina amawoloka msewu n'kukhala pakhonde limodzi, aliyense kumayankhula chake, kumaseka. Chibwenzi chawo chinali chomwecho basi.

M'mawa umenewo Amayi sanatuluke. Agogo anathirira maluwa awo akuyang'ana khomo lathu. Atatha anawoloka, anagogoda, zii. Sanabwerere kunyumba kwawo kuti mwina anzanga agonereza. Anali ndi kiyi wathu, amene anachita kundipempha okha kumayambiriro kwa May, mdzukulu wawo akumasulira: nyumba imene muli munthu wachikulire, kiyi wina azikhala kwa neba, chilimwe cha kuno sichidikira kuti mwini nyumba aweruke ku ntchito. Anatsegula n'kuwapeza Amayi pansi m'khitchini, thupi lili moto, khungu louma, sakuzindikira munthu. Anakuwira mdzukulu wawo kuti aimbe 911, nambala ya zadzidzidzi. Iwo sanaime kudikira. Anathamanga, munthu wa mawondo owawa uja, kukatenga ayisi yense wa mufiriji mwawo, ananyowetsa nsalu za pabedi, anawafunditsa Amayi, n'kuika ayisi m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Adokotala anandiuza kuti thupi likadutsa madigiri 40 ubongo ndi impso zimayamba kuwonongeka, ndipo chimene chimapulumutsa munthu ndi kumuziziritsa pomwepo, asanafike n'kuchipatala komwe. Agogo sanaphunzire za udokotala. Amangodziwa chifukwa akhala m'chipululu cha Sonora, momwe mulinso Phoenix, moyo wawo wonse, ndipo aikapo maliro a anthu amene anapezeka mochedwa.

Agogo, mawuwa ndidzakuwerengerani ndekha m'Chingerezi, mdzukulu wanu adzakumasulirani. Munandibwezera mayi anga. Ndilibe choti ndingakupatseni cholingana ndi zimenezi. Mulungu akusungireni mawondo anuwo, akupatseni masiku ambiri, ana anu ndi adzukulu anu asadzasowe wowagogodera pakhomo.

Zikomo kwa anyamata ndi atsikana ozimitsa moto amene anafika ndi ambulansi. Kuyambira chaka cha 2024 ozimitsa moto a Phoenix amayenda ndi matumba akuluakulu amene amagonekamo wodwala n'kumuthira ayisi ali m'njira, ndipo Amayi anafika kuchipatala ali m'thumba lotero. Nditamva koyamba ndinanjenjemera, koma ndi limene linatsitsa kutentha kuja. Mayina anu sindikuwadziwa, nkhope zanu sindinazione. Zikomo. Zikomo kwa anamwino a m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makamaka wa usiku uja amene ankandilola kumasulira Amayi akayamba kubwebweta, ndipo anawapesa tsitsi popanda womupempha. Zikomo kwa anzanga awiri a ku ntchito amene anagawana mashifiti anga osafunsa kuti ndidzawabwezera liti. Zikomo amayi a mvano atatu amene munabwera, mukudzidziwa. Pemphero lanu la m'kanjira ka chipatala lija linandigwira pamene miyendo inali itafooka.

Kwa abale a kutali amene mumaimba foni usiku wanu uli pakati, ndinkamva kulira kwanu ndipo ndikudziwa kuti mukanatha mukanabwera. Koma alipo ena a pompano, a mumzinda muno, amene timaimba nawo limodzi Lamulungu ndipo kwawo ndi mphindi zochepa pa galimoto. Timanja topemphera ta pa WhatsApp ndinatiwona. Ndinamvanso funso lija limene linazungulira, loti n'chifukwa chiyani tinawatengera Amayi kumalo otentha chonchi. Linandipweteka, ndipo likundipwetekabe. Sindikusunga mangawa, koma sindinamanso kuti sindinaone amene anabwera ndi amene sanabwere. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, sanati umufunse kaye kuti anayandikiranji moto.

Ndibwerere kwa Agogo, chifukwa sizinathere m'mawa uja. Nthawi yonse imene ndinali kuchipatala mwana anali kwawo. Ankamudyetsa, kumusambitsa, kumuperekeza kwa anzake, ndipo pano akudziwa kupinda ndi manja tortilla, buledi wopyapyala wa ku Mexico. Nyumba yawo ndi yakale, ilibe AC yaikulu. Ali ndi chikula cha padenga chimene chimaziziritsa mpweya poudutsitsa m'maphedi onyowa. Chimagwira bwino kukakhala kouma, koma nyengo ya mvula ikafika, imene kuno amaiwerengera kuyambira pa 15 June mpaka pa 30 September, mpweya umakhala ndi chinyezi ndipo chikulacho chimafooka. Choncho ali ndi ka AC kamodzi ka pawindo, kuchipinda kwawo kogona. Chipinda chimenecho anachipereka kwa mwana wanga, ndi kwa ine ndikabwera kudzagonako pang'ono. Iwo ankagona pampando pabalaza, thaulo lonyowa pakhosi. Nditazindikira ndinakana, koma anangondikankhira m'chipindamo n'kutseka chitseko.

Madzulo ena ndili kuchipatala kunabwera haboob, chimphepo cha fumbi chija chimene chimaima ngati chimpanda kuchokera pansi kufika kumitambo. Magetsi anathima msewu wonse. Ndinaimba foni mtima uli m'mwamba. Agogo anali atamulowetsa kale mwana m'galimoto mwawo panja pa nyumba, atayatsa injini ndi AC, pamodzi ndi agogo ena aamuna a pakona amene amapuma ndi makina. Anakhala m'menemo mpaka magetsi anayaka. M'mawa mwake ndinapeza nthambi ya mtengo wa palo verde imene inagwera pa mpanda wathu itadulidwa kale, itaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Mpaka lero palibe amene wavomera kuti ndi iye.

Anthu amati mizinda ya kuno ilibe chinansi, ndipo mbali ina akunena zoona. Munthu amatuluka m'nyumba yozizira, kulowa m'galimoto yozizira ali m'garaja, kukatsikira ku ofesi yozizira. Mutha kukhala chaka osadziwa nkhope ya wa khomo linalo. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa msewu umakhala wopanda munthu, ngakhale galu. Phula limatha kufika madigiri 80 a Celsius, ndipo chaka chilichonse zipatala zimalandira anthu opsa chifukwa chongogwa pansi. Koma chinansi chilipo, chimangokhala ndi nthawi yake. Chimadzuka 4 koloko m'mawa, pamene omanga nyumba akukweza makwerero m'magalimoto, amayi akuyendetsa ana m'mphepete mwa ngalande za bungwe la madzi la Salt River Project, zimene zina zimatsata njira zomwe anthu a Hohokam, nzika zakale za dera lino, anakumba zaka mazana ambiri zapitazo. Chimaoneka pa bokosi la madzi ozizira limene banja lina limasiya pageti kuti wa makalata ndi onyamula zinyalala azitengapo. Chimaoneka mu January, pamene matumba a malalanje ndi mandimu amapezeka pakhomo popanda dzina la wopereka. Ine zonsezi ndinkaziona ngati ulemu chabe. Pano ndikudziwa kuti anthuwa amawerengana m'mawa uliwonse, kuti aliyense watuluka kodi.

Ali nacho chifukwa. Chaka cha 2023 kutentha kunafika 110 kapena kupitirira, ndiye kuti 43 a Celsius, masiku 31 otsatizana, ndipo m'boma la Maricopa, momwe muli Phoenix, anthu 645 anafa ndi zokhudza kutentha. Chaka cha 2024 kunafika 100 kapena kupitirira, ndiye kuti 38 a Celsius, masiku 113 osadukiza. Mwa amene amafera m'nyumba, ambiri ndi achikulire, ndipo AC imakhala itafa kapena itazimitsidwa. Nambala zimenezi ndinkazimva pa wailesi ndikupita ku ntchito. Pano ndikaimva 645 ija ndimaganiza za khitchini yathu, ndi za mabanja amene kwawo kunalibe woyang'ana khomo. Ambuye muwatonthoze. Agogo amakumbukira tsiku la 26 June 1990, pamene kunafika 122, ndiye kuti 50 a Celsius, ndipo ndege zina zinalephera kunyamuka pa bwalo la ndege la Sky Harbor. Akuti ngakhale pamenepo usiku unkapepukako kuposa masiku ano, mzinda usanadzaze simenti chonchi.

Zikomo kwa mdzukulu wa Agogo, mtsikana wanzeru amene anakhala nane pansi n'kundionetsa kuti lamulo la mzinda wa Phoenix limati nyumba ya lendi yokhala ndi AC iyenera kutha kuzizira kufika 82 a Fahrenheit, ndipo ya chikula cha madzi 86, ndiye kuti 28 ndi 30 a Celsius. Anandithandiza kulemba kalata. Katswiri amene ankangobwera pakamwa uja anafika mawa lake lomwe. Za eni nyumba sindiyankhula zambiri pano, nkhaniyo ili m'manja mwa oyenera, koma mtima wanga sunapole. Amene muli pa lendi m'chigwa muno, lisungeni lamulo limeneli, ndipo mukadandaula muzilemba, musamangoimba foni. AC ikafa musagone m'nyumbamo. Imbani 211 akuuzeni malo oziziramo a pafupi, alipo m'malaibulale, m'matchalitchi ndi m'maholo a mzinda pansi pa ndondomeko yothandiza anthu pa kutentha ya Heat Relief Network, ndipo salipiritsa. Makolo athu amakana, amati ndipirira, safuna kukhala mtolo kwa anthu. Pa nkhani iyi yokha musawamvere.

Zikomo achimwene a nyumba ya buluu amene munabweretsa ka AC koyenda ndi mateyala tsiku lomwelo, n'kukana ndalama. Zikomo kwa banja la kumapeto kwa msewu chifukwa cha miphika ya nyemba ndi mpunga imene inkangofika. Zikomo bambo a mwana, munayendetsa usiku wonse pa msewu waukulu wa I-10 mukulira, ndinakumvani pa foni ngakhale mumabisa.

Tsiku limene Amayi anafika kunyumba, Agogo anali atadikira pakhonde pathu ndi maluwa a Amayi, onse amoyo, chifukwa ankawathirira m'mawa uliwonse pamodzi ndi awo. Amayi anafuna kugwada kuti athokoze, Agogo anawagwira m'mapewa kuwakaniza, ndipo onse awiri analira. Amayi akuti kuyambira pano ndiziwatchula Agogo kuti mayi anga aakulu, ndipo ndayamba kale.

Ndinayesa kuwapatsa envelopu, anaibweza ili yosatsegula ndipo anakwiya ndithu. Ndiye tapangana china ndi achimwene a nyumba ya buluu. Chikula cha padenga pa Agogo chakalamba, pampu ikulira ndipo maphedi atha. Loweruka lino bambo a mwana ndi achimwenewo akwera kukachikonza, ndipo tikufuna tiwaikirenso ka AC kachiwiri pabalaza kuti asamagonenso ndi thaulo. Zipangizo tagula kale, chikusowa ndi manja ndi makwerero ena amodzi. Amene mungathe, fikani 4:30 m'mawa, chifukwa ikamakwana 8 koloko denga siligwirikanso. Mubwere ndi chipewa ndi madzi anu akumwa. Ofuna kudzawaona Amayi, bwerani madzulo dzuwa litalowa, awiriawiri, ndipo muyambe mwaimba foni chifukwa akumatopa msanga.