Sabata yathunthu ndi mpeni wotchipa m'chiuno

Ntchito yanga ndi yosenda ndi kuduladula nyama. Alenje a ziphaso akawombera, ife ndi amene timatsala pansipo kutumbula, kusenda ndi kugawa nyamayo isanayambe kuwonongeka, ndiye mpeni kwa ine ndi khasu langa, ndimadyera pomwepo. Sabata yathayi mpeni wanga wa zaka zambiri unali kokonzetsa chigwiriro, basi ndinangotenga wotchipa uja ndinagula kalekale nkuusiya m'chikwama. Ndi wosapinda, chitsulo chake masentimita 10 kutalika, kukhuthala mamilimita 2.5, chigwiriro cha labala, chimake cha pulasitiki. Kunena zoona ndinanyamuka ndi mtima wokayika.

Lolemba tinapeza gwape mmodzi chakumadzulo. Potumbula unayenda bwino zedi, kuthwa kuloza kumwamba, zala ziwiri pansi kukankha matumbo kuti ndisaboole chifu, khungu limangotseguka lokha. Vuto linabwera posenda. Mpeni wosendera weniweni umakhala wokhota cha kutsogoloku kuti uzitsetsereka pakati pa chikopa ndi mnofu, koma uwu ndi wowongoka ndipo nsonga yake ndi yosongoka kwambiri, ndiye ndinaboola chikopa kawiri cha m'nthitimu chifukwa dzanja langa linazolowera wina uja. Zinandipweteka mumtima, chikopa chinali chabwino. Kuchokera apo ndinasintha, ndimakankha chikopa ndi chibakera, mpeni kumangougwiritsa pomwe pamatirira.

Lachiwiri kunagwa mvula tsiku lonse, sitinatuluke. Ndinakhala pansi ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, tikunola. Iyeyu anabwera ndi chimpeni chake chachikulu chonyezimira, chojambulidwa mutu wa nyama, kumsana kwake kuli timano ngati sowo, ndipo pachitsulo analembapo mawu amodzi okha oti stainless. Ndinamuuza kuti, "Iwe, mawu amenewa sakukuuza kanthu, amangotanthauza kuti muli chromium wokwanira kuchedwetsa dzimbiri, supuni nayonso ndi stainless." Wanga uja olo ndi wotchipa koma analembapo 12C27, chitsulo cha ku Sweden chokhala ndi carbon 0.6 pa 100 ndi chromium 13.5 pa 100, chomwe mipeni yambiri ya Mora, yopangidwa ku Sweden komweko, imagwiritsa ntchito. Wopanga akalemba dzina la chitsulo ndiye kuti bola akulola kuti umufunse mafunso.

Komanso dzina la chitsulo palokha silokwanira, apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Chitsulo chikasulidwa amachiwotcha, kuchiziziritsa mwachangu, kenako kuchifunditsanso pang'ono kuti chisakhale chophweka kuthyoka ngati galasi. Ntchito imeneyi ikalakwika mpeni umakhala wofewa olo chitsulo chikhale chodula bwanji. Kulimba kwake amayeza ndi sikelo ya Rockwell, ndipo mipeni yambiri ya ntchito ngati yathuyi imakhala pakati pa 56 ndi 60. Taonani a Buck, opanga mipeni ku America, 420HC amene amagwiritsa ntchito si chitsulo chapamwamba ayi, koma amachiwotcha mosamala mpaka cha m'ma 58 ndipo alenje akhala akuchidalira zaka ndi zaka. Ndiye kutchipa kwa chitsulo ndi kwina, kufewa kwa mpeni ndi kwinanso.

Lachitatu ndiye linali tsiku lenileni, nguluwe yamphongo yaikulu. Amene anasendapo nguluwe akudziwa kuti palibe chimene chimabunthitsa mpeni msanga ngati ubweya wake, wolimba ngati waya komanso wodzadza matope ouma ndi mchenga, ukangodula kuchokera kunja ndiye ngati ukunola mpeni pa njerwa chozondotsa. Ndinalowetsa nsonga pansi pa khungu nkumadula kuchokera mkati kupita kunja kuti kuthwa kusakumane ndi ubweyawo, koma cha m'mapewa khungu ndi lokhuthala moti umachita kukha thukuta. Pofika theka mpeni unayamba kukoka mnofu m'malo modula. Ndinaima, kuupukuta, kuudutsitsa pa kamwala kanga ka m'thumba mwina kakhumi mbali iliyonse, kenako kuukhula pa lamba wachikopa, mphindi ziwiri sizinakwane unayambanso kumeta ubweya wa pamkono. Ndinabwerezanso kamodzi tisanamalize. Kwa ine zimenezi si vuto, mpeni wobuntha msanga koma wonoleka msanga ndimatha kukhala nawo kutchire.

Chimene chinandigwira mtima tsiku limeneli ndi chigwiriro. Mafuta a nguluwe akasakanikirana ndi magazi, manja amaterera ngati wadzola sopo, ndipo ndi nthawi imeneyi pomwe anthu amadzicheka, dzanja kutsetsereka kuchoka pachigwiriro kupita pakuthwa. Labala uja anagwira dzanja bwinobwino, ndipo kutsogolo kuli kachotupa koimitsa chala. Mpeni wanga wodula uja chigwiriro chake ndi chamtengo wosalala, chokongola inde, koma zikafika pamenepa ndimachita kumapukuta manja pafupipafupi.

Mnyamata uja chimpeni chake chinamukana tsiku lomwelo. Kuthwa kunapindika atangodula pang'ono, tikanola kamlomo kachitsulo kamangogwera uku ndi uku osachoka, chizindikiro choti chitsulo ndi chofewa. Lachinayi m'mawa akulekanitsa mwendo pamfundo anapotoza pang'ono, chigwiriro nkuyamba kugwedera. Titamasula tinapeza kuti chitsulo cholowa mkati ndi kandodo kakang'ono kochita kuwotcherera, ndinamulanda pomwepo, "Usaugwirenso uwu, udzakudula chala." Anakhumudwa, ndinamumvetsa, anasunga ndalama nthawi yaitali kuti augule ndipo m'maso umaoneka ngati wa alenje enieni. Zimandiwawa kuti mipeni yotereyi imagwira ana ongoyamba kumene, omwe ndalama zawo ndi zochepa kale.

Wanganso si full tang, chitsulo sichinadutse chigwiriro chonse mpaka kumapeto, koma chinalowa chamtunthu ndithu ndipo anachiumbira mkati molimba. Posenda ndi kudula mnofu ndi chokwanira. Kungoti sindiumenya ndi chikuni kuwazira nkhuni, sindipotozera mafupa, pamfundo ndimafufuza mtsempha nkudula bwinobwino mwendo umalekana wokha. Fupa lalikulu ndi ntchito ya sowo.

Lachisanu bwana wina amene tinkamuthandiza anatulutsa mpeni wake wodula kwambiri, wa zitsulo zamakono zolimba zija, akufuna kusenda yekha. Unagwira ntchito nthawi yaitali osabuntha, zimenezo sindingakane, unaposa wanga kutali. Koma utafika pobuntha anandipatsa, "Achimwene, tandinolereni." Kamwala kanga kamangotsetsereka pamwamba osadya kanthu, zitsulo zotere zimafuna chonolera cha diamond ndipo tonse tinalibe. "Bwana, uwu ukanoleredwe kunyumba, gwirani wangawu mumalizire." Anamalizira ndi wotchipa uja, kenako nkuutembenuza tembenuza m'manja kufunsa kuti ndi chitsulo chanji. Panalinso china chimene ndinaona, iwo amaopa kuukhudzitsa pansi mpeni wawo, pomwe ine wangawu ndimaubaya pa udzu, kuubwereketsa, osadandaula kuti ukatayika ndilira.

Loweruka linali lotsuka zida. Chimake cha pulasitiki ndinangothiramo madzi otentha ndi sopo, magazi onse kutuluka pa kabowo kapansi, pomwe chachikopa chimamwa magazi nkuyamba kununkha komanso chimasunga chinyezi. Mpeni unakhala wonyowa sabata yonse koma dzimbiri palibe, ukanakhala wa chitsulo cha carbon chosakhala stainless ngati chotchedwa 1095 nkuugoneka usiku umodzi ndi magazi bwenzi utachita mawanga ofiira. Nditauyang'anitsitsa ndi tochi ndinapeza kamalo kamodzi kobenthuka pang'ono cha pakati, ndikudziwa ndi pomwe ndinagunda nthiti ya nguluwe, chifukwa kuthwa kwake ndi kopyapyala. Ndinakhala pa mwala waukulu mwina mphindi 15 kanachoka. Chimake sichigwira mpeni mwamphamvu ngati kale, ukawerama kwambiri umasuntha, ndiye ndamangirapo kachingwe ka labala.

Wakale uja wabwera dzulo ndi chigwiriro chatsopano, posenda zikopa zofunika kusunga ndibwerera kwa wakalewu chifukwa cha kukhota kuja. Wotchipawu ndamupatsa mnyamata uja pamodzi ndi kamwala, ndipo sabata yamawa ayamba ndi kuphunzira kunola asanakhudze nyama.